BENJAMIN FRANKLIN: MTUMIKI WA MFUMU AMENE ANADZAKANA MFUMU

Pa 29 January, 1774, m'cipinda cina ca boma mu mzinda wa London, nkhalamba ya zaka 68 inaima ciriri pafupifupi ora lathunthu, loya wamkulu wa boma la Britain, dzina lake Alexander Wedderburn, alikuithira mau acipongwe pamaso pa nduna za Mfumu. Anainena kuti ndi mbala yoba makalata a eni, ndiponso kuti ndiyo inali kukoleza moto wa cipanduko ku America. Nduna zambiri zinali kuseka osabisa. Nkhalambayo sinayankhe ngakhale liu limodzi, ndipo nkhope yake sinasinthe. Amenewa anali a Benjamin Franklin, munthu wa ku America wochuka koposa onse masiku amenewo, amene anali atatha zaka zambiri ku London alikuyesetsa kuti America ndi Britain asalekane. Patangopita zaka ziwiri ndi theka, dzanja la munthu yemweyo linasaina cikalata colengeza kuti America wacoka m'manja mwa Mfumu ya Angelezi.

Benjamin anabadwira ku Boston pa 17 January, 1706. Atate wake, a Josiah Franklin, anacokera ku mudzi wa Ecton ku Mangalande, ndipo anali kudyetsa banja lao ndi nchito yopanga makandulo ndi sopo. Anabala ana 17, Benjamin ali wa nambala 15. Sukulu anangopondako zaka ziwiri. Ali ndi zaka 12 anamupereka kwa mkulu wake James kuti aphunzire nchito yosindikiza, koma James anali kumumenya kawirikawiri, ndipo mu 1723 mnyamatayo anathawira ku Philadelphia ali ndi tindalama tocepa m'thumba.

Kumeneko zinthu zinamuyendera. Mu 1729 anagula nyuzipepala yochedwa Pennsylvania Gazette, ndipo mu 1730 anatenga Deborah Read kukhala mkazi wake. Anabwera nako m'nyumbamo kamwana kakamuna, William, kamene anabereka kwa mkazi wina amene dzina lake sanaliulule konse, ndipo Deborah anakalera. Mwana wao wamwamuna, Francis, anafa ndi nthomba mu 1736 ali ndi zaka 4, ndipo wamkazi, Sarah, anabadwa pambuyo pake. Cotero William ndiye anali mwana wamwamuna yekhayo, ndipo atate wake sanali kuyenda osamutenga.

Kabuku kao ka caka ndi caka, Poor Richard's Almanack, kanawalemeretsa kotero kuti mu 1748, ali ndi zaka 42, a Franklin anasiyira mnzao makina osindikizira. Anali nao pakati pa oyambitsa nyumba yobwereketsa mabuku, gulu lozima moto, cipatala, ndi sukulu imene lero ndi Yunivesite ya Pennsylvania. Mu 1752, mothandizidwa ndi William, anaulutsa kaiti pa cingwe mvula ya mabingu ilikudza, nasonyeza kuti mphezi ndi magetsi. Ndiwo anatulukira ndodo yacitsulo yoika pa denga kuti mphezi isaoche nyumba. Akatswiri a Royal Society ku London anawapatsa mendulo yagolide mu 1753.

Pano mpofunika kudziwa bwino kuti anthu a ku America amene akunenedwa m'nkhani ino anali ayani. Sanali eni nthaka ai. Anali Azungu, ambiri a iwo ocokera ku Britain, amene anayamba kuoloka nyanja ya Atlantic kuyambira mu 1607 nalanda malo a mitundu imene anaipeza kumeneko. Anakhala m'madera 13 m'mbali mwa nyanja, dera lirilonse lili ndi Nyumba yake ya Malamulo, ndipo madera ambiri anali ndi Bwanamkubwa woikidwa ndi Mfumu. Pofika mu 1775 anthu onse m'maderawo analipo ngati 2.5 miliyoni, ndipo pa anthu asanu alionse mmodzi anali wakuda, pafupifupi onsewo akapolo. Azunguwo anali kudziona ngati Angelezi okhala kutsidya la nyanja, oyenera maufulu onse a Mngelezi wa ku London. Ufulu umene anali kuunyadira koposa unali wakuti Mngelezi sasonkhetsedwa msonkho umene aphungu osankhidwa ndi iye mwini sanauvomereze.

A Franklin anali munthu wa Mfumu ndi mtima wonse. Mu 1753 boma la Britain linawaika kukhala mmodzi wa akulu awiri oyang'anira mapositi a ku America. Mu 1754, pa msonkhano wa ku Albany, anapempha madera kuti agwirizane pansi pa mtsogoleri woikidwa ndi Mfumu kuti adzichinjirize kwa Afalansa, poti mutu umodzi susenza denga, madera anakana. Caka cotsatira anapezera mkulu wa asilikali a Britain, General Braddock, ngolo 150, atacita kuika cuma cao cikole kwa alimi eni ngolozo. Mu 1757 Nyumba ya Malamulo ya Pennsylvania inawatuma ku London, ndipo anapita ndi William. Mzindawo anaukonda kwambiri. Anakaona manda a makolo ao ku Ecton, analandira ulemu wa udokotala ku St Andrews ndi ku Oxford, ndipo mu 1761 anaonerera George III alikulongedwa ufumu. Mu 1762 William, ali ndi zaka zongopitirira 30, anaikidwa kukhala Bwanamkubwa wa Mfumu ku New Jersey. Ndipo pamene a Franklin anabwereranso ku London kumapeto kwa 1764, anali atanyamula pempho lakuti Mfumu ilande Pennsylvania m'manja mwa banja la a Penn ndi kuilamulira yokha. Munthu amene lero akumbukiridwa monga mmodzi wa makolo a ufulu wa America anaoloka nyanja kukapempha kuti mphamvu ya Mfumu ionjezeke!

Mkangano unabadwa ndi ngongole. Nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri inatha mu 1763, Britain atalanda Canada kwa Afalansa, koma ngongole yake itapitirira mapaundi 120 miliyoni. Nduna zinaganiza kuti a ku America nawo asenzeko katunduyo. Caka comweco Mfumu inaletsa Azungu kudutsa mapiri a Appalachian kukatenga malo a eni nthaka, lamulo limene linawawitsa mitima ya ambiri olakalaka malo. A Franklin eniake anadzakhala m'gulu lofuna malo akulu ku Ohio. Ndiyeno mu March, 1765, Nyumba ya Malamulo ya ku London inakhazikitsa msonkho wa sitampa: nyuzipepala, mapepala a milandu, a malo, ngakhale makadi osewerera njuga, zonse zinayenera kukhala ndi cidindo colipira.

Apa a Franklin anaphonya kuwerenga mitima ya anthu akwao. Msonkhowo anautsutsa, koma utavomerezedwa anauona ngati nkhani yatha, ndipo anapereka dzina la bwenzi lao John Hughes kuti ndiye azigulitsa masitampa ku Pennsylvania. Mbiri itafika ku Philadelphia, anthu anati a Franklin awagulitsa. Mu September khamu linaopseza kuti ligwetsa nyumba yao yatsopano. Mai Deborah anakana kuthawa; anaitana abale, nakhala m'nyumbamo ndi mfuti kufikira zinthu zitazizira. M'madera monse ogulitsa masitampa anakakamizidwa kusiya nchito, ndipo amalonda anapangana kuleka kugula katundu wa ku Britain.

A Franklin anazindikira msanga kulakwa kwao. Pa 13 February, 1766, anaima m'Nyumba ya Malamulo ya Britain nayankha mafunso 174, kufotokoza kuti a ku America sadzalipira msonkhowo ngakhale atatumiziridwa asilikali. Mwezi wotsatira msonkho unafafanizidwa, ndipo dzina lao linayeranso kwao. Koma tsiku lomwelo aphungu a ku London anakhazikitsa lamulo lina lonena kuti ali ndi mphamvu yopangira America malamulo pa nkhani iriyonse. Anthu, pokondwa, sanalisamale kwambiri lamulo limeneli, conseco muzu wa mlandu unali momwemo.

Pa nthawi imeneyi mau akuti ufulu wodzilamulira sanali kumveka pakamwa pa atsogoleri. Ngakhale okwiya kwambiri anali kunena kuti mlandu wao uli ndi aphungu ndi nduna zoipa, ndi kuti Mfumu ndi tate amene akunamizidwa ndi aphungu ake, adzamva kulira kwa ana. Anthu a ku New York anacita kuimika cifanizo ca George III atakwera kavalo mu 1770, pomuthokoza. Cimene anali kufuna cinali cakuti zinthu zibwerere monga zinalili 1763 isanafike.

London sanaleke. Mu 1767 anaika msonkho pa magalasi, utoto, mtovu, mapepala ndi tiyi. Mu 1768 asilikali anatumizidwa ku Boston, ndipo pa 5 March, 1770, anaombera khamu la anthu napha asanu. Misonkho ija inacotsedwa, kupatula wa tiyi, umene unasiyidwa dala kuti usonyeze mwini mphamvu. A Franklin tsopano anali kuimira madera anai: Pennsylvania, Georgia, New Jersey ndi Massachusetts. Anali pakati pa moto uwiri, a ku London alikuwaona ngati okondera America, a ku Boston alikuwakayikira kuti asanduka Mngelezi. Mu January, 1771, nduna yoona za madera, Lord Hillsborough, inakana mwamwano kuwalandira monga nthumwi ya Massachusetts. Caka comweco anayenda ku Ireland, naona umphawi wa alimi okhala pansi pa eni malo acingelezi, ndipo anayamba kuopa kuti America angadzatere.

Cimene cinawagwetsa m'mavuto cinali, mwa kuganiza kwao, nchito yoyanjanitsa. Mu 1772 munthu wina anawapatsa makalata amene Thomas Hutchinson, mbadwa ya Boston amene tsopano anali Bwanamkubwa wa Massachusetts, analembera mkulu wina wa boma ku London zaka zingapo m'mbuyomo, kulangiza kuti maufulu a anthu a kuderalo acepetsedwe. A Franklin anaganiza kuti anthu a ku Boston akaona kuti uphungu woipa unacokera kwa mwana wa kwao komweko, mkwiyo wao pa Britain udzatsika. Anatumiza makalatawo kwa atsogoleri a Nyumba ya Malamulo ya Massachusetts, nawapempha kuti asawasindikize. Koma cinsinsi ca anthu ambiri sicikhala cinsinsi. Mu June, 1773, makalata anasindikizidwa, Boston anayaka moto, ndipo aphungu anapempha Mfumu kuti icotse Hutchinson. Ku London amuna awiri, William Whately ndi John Temple, analozana zala za amene anaba makalatawo mpaka anamenyana ndi malupanga, Whately navulala. Pomva kuti afuna kubwerezanso, a Franklin analemba m'nyuzipepala pa Khrisimasi kuti ndi iwo okha anatenga ndi kutumiza makalatawo. Amene anawapatsa sanamuchule.

Tsoka linali lakuti pa 16 December anthu a ku Boston anali atakwera zombo zitatu nataya m'nyanja mabokosi 342 a tiyi wa kampani ya East India. Mbiri inafika ku London kutangotsala masiku owerengeka kuti pempho locotsa Hutchinson limvedwe. Boma linafuna woti limutsanulire mkwiyo, ndipo a Franklin ndiwo anali pafupi. Ndimo linadzera tsiku lija la 29 January. Pempho la Massachusetts linakanidwa, ndipo asanathe masiku atatu a Franklin anacotsedwa pa nchito ya mapositi imene anaigwira zaka 20.

Wina akanakwera combo mawa lake. A Franklin anakhalabe ku London miyezi ina 14. Britain anatseka doko la Boston nalanda mphamvu za Nyumba ya Malamulo ya Massachusetts. Nthumwi za madera 12 zinakumana ku Philadelphia mu September, 1774, pa msonkhano wochedwa Congress, zinagwirizana zoleka malonda ndi Britain, koma zinalemberabe Mfumu monga ana ake okhulupirika. A Franklin anayesa khomo lirilonse. Anali kupita kukasewera chesi, masewera a pabolodi ofuna nzeru monga nsolo, kwa mlongo wake wa Lord Howe, pamene colinga ceniceni cinali kukambirana mwamseri ndi Lord Howe za mtendere. Anadzipereka kuika cuma cao cikole ca malipiro a tiyi uja, malinga malamulo olanga Boston atafafanizidwa. Pa 1 February, 1775, Lord Chatham, nduna yaikulu yakale, anabweretsa njira ya ciyanjano m'Nyumba ya Malodi, a Franklin alikuonerera. Inakanidwa tsiku lomwelo, ndipo Lord Sandwich anawanyozanso poyera. Kenaka inafika kalata yakuti Mai Deborah anamwalira mu December. Anali asanaonane zaka khumi, ndipo pa ici a Franklin sangathawe mlandu, cifukwa maiwo anadwala nthawi yaitali alikuyembekeza mwamuna wao.

Tsiku lao lomaliza mu London analithera kwa bwenzi lao Joseph Priestley, alikuwerenga nyuzipepala za ku America, ndipo Priestley anasimba pambuyo pake kuti misozi inali kuwalepheretsa kuwerenga. Ali pakati pa nyanja, pa 19 April, 1775, mfuti zinalira ku Lexington ndi ku Concord. Anatsika ku Philadelphia pa 5 May, ndipo m'mawa mwake anasankhidwa kukhala nthumwi ya ku Congress.

Masabata oyamba anali cete kwambiri, kotero kuti ena anawakayikira kuti ndi kazitape wa Britain, makamaka poti mwana wao anali Bwanamkubwa wa Mfumu. Coona cinali cakuti anali kuyembekeza kulankhula ndi William. Anakumana ku nyumba ya mnzao wakale Joseph Galloway, ndipo usiku utakula nkhalamba inaulula kuti yasankha zolekana ndi Britain. William anakana. Anali atalumbira kutumikira Mfumu, ndipo kukhulupirika kumeneko anakuphunzira kwa atate wake omwewo. Anasiyana aliyense ali pa mfundo yake.

Anthu ambiri anali asanafike pamene a Franklin anali. Ngakhale nkhondo ya ku Bunker Hill itacitika mu June, Congress inatumizabe kwa Mfumu kalata yomaliza yopempha mtendere mu July, ndipo a Franklin anasaina nao ngakhale analibe nayo cikhulupiriro. George III anakana kuilandira, ndipo pa 23 August analengeza kuti madera apanduka. Mu October zombo zake zinaocha tauni ya Falmouth. Mu December lamulo linaturuka lakuti zombo zonse za America zizigwidwa monga za adani, ndipo posacedwa kunamveka kuti Mfumu yalemba ganyu asilikali a ku Germany. Apa mpamene nkhani ya tate wonamizidwa inafera. Mu January, 1776, Thomas Paine, Mngelezi wosauka amene anafika ku America mu 1774 ndi kalata yomudziwitsa yolembedwa ndi a Franklin, anaturutsa kabuku kochedwa Common Sense, kamene kanaloza cala pa Mfumu yeniyeniyo ndi pa ufumu wonse, m'cinenero ca munthu wamba. Kanawerengedwa m'misika, m'nyumba za mowa ndi m'misasa ya asilikali. Panalinso cifukwa ca nkhondo: America analibe onga ndi zombo zokwanira, ndipo France sakanathandiza poyera anthu amene mawa akanatha kugwirizananso ndi Mfumu yao.

Pa 7 June Richard Henry Lee wa ku Virginia anapempha Congress kuti ilengeze ufulu. Anthu asanu anasankhidwa kukonza cikalata: Thomas Jefferson, amene analemba, John Adams, Roger Sherman, Robert Livingston ndi a Franklin, amene anakonzako mau pang'ono. Madera anavomereza pa 2 July, cikalata cinalandiridwa pa 4 July, 1776, ndipo mwa onse osaina a Franklin, a zaka 70, ndiwo anali aakulu. Patapita masiku asanu anthu a ku New York anagwetsa cifanizo cija ca Mfumu, ndipo mtovu wake unasungunulidwa kukhala zipolopolo.

Cikalataco cinanena kuti anthu onse analengedwa olingana, koma akapolo okwana theka la miliyoni anakhalabe akapolo, ndipo kwa eni nthaka ufulu wa Azungu unatanthauza kutayika kwa malo ambiri. Anthu a m'mbali mwa Zambezi adziwa kuti pa 11 November, 1965, Ian Smith anatengera kalembedwe ka cikalata comweci polengeza ufulu wa Azungu a ku Rhodesia, nasiya dala mau onena za kulingana kwa anthu.

Mu June womwewo wa 1776 William anamangidwa. Atate wake anali mu Congress imene inalamula kuti atumizidwe ku Connecticut, ndipo sanamulankhulire. Atapezeka kuti alikuthandizabe a Mfumu mwamseri, anatsekeredwa yekha m'ndende ya ku Litchfield miyezi isanu ndi itatu. Mkazi wake Elizabeth anamwalira ku New York mu 1777, William atakanizidwa kukamuona. Anamasulidwa mu 1778 posinthana akaidi, natsogolera gulu la okhulupirika kwa Mfumu ku New York, ndipo mu 1782 anapita ku London osabwereranso.

Nthawi imeneyo nkhalamba inali ku France, kumene inafika mu December, 1776, itatenga adzukulu awiri, mmodzi wa iwo Temple, mwana wa William. Afalansa anaikonda, ndipo asilikali a America atapambana ku Saratoga mu 1777, France anasaina pangano lothandiza America pa 6 February, 1778. Amene analipo anasimba kuti tsiku limenelo a Franklin anavala jekete lakale lomwe lija anavala ponyozedwa ndi Wedderburn. Ndalama, zombo ndi asilikali a France ndiwo anathandiza kugonjetsa Angelezi ku Yorktown mu 1781, ndipo pa 3 September, 1783, ku Paris, a Franklin anasaina pangano limene Britain anavomereza kuti United States ndi dziko loima palokha. Pokambirana za panganolo, iwo amene anali odziwika ndi kufatsa ndiwo anaumitsa mtima koposa anzao pokana kuti okhulupirika kwa Mfumu abwezeredwe cuma cao.

Mu 1784 William analemba kalata yopempha ciyanjano. Atate wake anayankha kuti palibe cinawapweteka m'moyo monga kusiyidwa mu ukalamba ndi mwana wao wamwamuna mmodzi yekhayo, amene anacita kuwatengera zida. Anaonana kamodzi kokha, ku Southampton mu July, 1785, a Franklin ali pa ulendo wobwerera kwao, ndipo nkhani yaikulu inali yakuti William asainire Temple malo ake a ku America.

Mu 1787 a Franklin anakhala nao pa msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko latsopanolo. Caka comweco anakhala mtsogoleri wa bungwe la ku Pennsylvania lolimbana ndi ukapolo, iwo amene kale anali ndi akapolo m'nyumba mwao, ndipo nyuzipepala yao inali kulengeza malonda a anthu. Mu February, 1790, anasaina pempho lopita ku Congress lakuti ukapolo uthetsedwe. Aphungu analikankhira pambali. Anamwalira pa 17 April, 1790, ali ndi zaka 84, ndipo anthu okwana ngati 20,000 anaperekeza maliro ao ku Philadelphia. M'kalata ya masiye, cuma cambiri anasiyira Sarah ndi banja lake. William anamusiyira malo ena ku Nova Scotia, mabuku ndi mapepala amene anali nao kale, ndi kumukhululukira ngongole, nalembamo kuti cifukwa cake ndi mbali imene anatenga pa nkhondo. William anafera ku London mu 1813.